Chifuwa cha a Karotu M'chaka cha Chilala

Faifi koloko m'mawa inamupeza Nei Rotite ali kale pachitsime, akutsitsa chitini pang'onopang'ono kuti chisavundule madzi. Zitsime zathu kuno pachilumba cha Betio zili choncho, madzi abwinoko amayandama pamwamba, amchere ali pansi, ndipo wolawirira ndi amene amawengula apamwambawo. Chaka chimenecho mvula inali itatiiwala, moti ngakhale apamwambawo ankakanda pakhosi. Ine ndinafika iye atadzaza kale ndowa imodzi. Anaviika chala, n'kulawa, n'kulavula.

"Lero tingoponyamo nsomba basi, Tiebane," anandiuza. "Mchere ulimo kale."

Tinaseka, koma pang'ono. Kuseri kwa mpanda, m'nyumba mwake, mwamuna wake Teng Karotu (kuno mwamuna timati Teng, mkazi Nei) anali atayamba kutsokomola, chifuwa chomveka ngati munthu akukoka bwato pamiyala. Rotite anaima, chingwe chili m'manja, mpaka chifuwacho chitadukiza. Kenako anapitiriza kutunga.

Ndakhala moyandikana ndi Rotite kuyambira pamene ana athu anali kuyamwa. Kwawo ndi ku Nonouti, chilumba chakutali. Anabwera kuno ku Tarawa, kumene kuli Betio yathuyi, ali kamtsikana, amalume ake atamupempha kwa makolo ake kuti adzawalerere ana, ati nayenso adzalowa sukulu. Sukuluyo ankangoiona pokaperekeza ana a eni ake. Atakwatiwa ndi a Karotu anapeza apongozi ake aakazi atafa ziwalo, ndipo anawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwachapira mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Abale a kuzilumba akabwera kudzaonana ndi madokotala amafikira kwa iye, ena sabata, ena miyezi, ndipo mpunga wawo wophika ndi iye, zovala zawo wochapa ndi iye. Tsopano akulera zidzukulu ziwiri, Teue ndi mng'ono wake Bwena, chifukwa mayi wawo anapita ku Australia kukathyola zipatso. Anthu a kalembera atabwera n'kumufunsa ntchito imene amagwira, anapukuta manja pasiketi n'kuyankha kuti, "Ine? Palibe. Ndimangokhala."

Ntchito yodziwika pakhomopo inali ya a Karotu. Iwo ndi a uchema. M'mawa ndi madzulo ankakwera mitengo yawo ya kokonati, kukadula pang'ono kunsonga kwa duwa kuti madzi ake azidonthera m'botolo, uku akuimba mokweza kuti akazi osamba kuseri kwa nyumba adziwe kuti kumwamba kuli maso. Uchema wozuna, usanasase, ndi umene ana athu amamwera chakudya. Wotsala Rotite ankauwiritsa tsiku lonse pamoto wa makoko, utsi uli m'maso, mpaka usanduke manyuchi. Ogula akalawa ankati, "Manyuchi a Karotu alibe anzake." Iye ankangowatsekera botolo.

Chifuwacho chinayamba ngati chimfine wamba. Tsiku lina m'mawa nyimbo inadukira pakati. Nditasuzumira pampanda ndinawaona ali pakatikati pa mtengo, ataukumbatira, akutsokomola chipumi chili pathunthu. Anatsika phazi limodzilimodzi, ndipo sanakwerenso. Duwa la kokonati likakhala masiku angapo osadulidwa limauma. Choncho uchema unathera pomwepo, chakumwa cha ana ndi kandalama ka manyuchi zinapitira limodzi.

Kuti avomere kupita kukiliniki inali nkhondo. Ankati ndi fodya chabe, zitha zokha. Ine ndinali ndi tsiku langa lokayezetsa kuthamanga kwa magazi, ndiye tinapitira limodzi, ndipo zimene nesi ananena ndinazimva ndi makutu anga. Nesiyo anali wa msinkhu wa ana athu, wosachedwa kuseka. Anawamvetsera pamsana ndi pachifuwa, n'kupukusa mutu.

"Bambo, mwasunga chiyani m'menemu? Muli ngati phala."

"Ndikusungira chilala, mwana wanga."

"Fodya mumasuta?"

"Ndinasiya."

"Liti?"

"Pageti pajapa," Rotite anawayankhira.

Nesi anawafunsa ngati amadwala mphumu, ngati akumwa mankhwala ena, ngati analavulapo magazi. Zonse anati ayi. Ndipo anatenga botolo la mankhwala amadzi ndi kakapu kokhala ndi mizere, n'kutembenukira kwa Rotite.

"Amayi, mvetserani inuyo, chifukwa abambowa ndawaona kale. Mankhwala awa si oletsa kutsokomola ayi. Ntchito yake ndi kufewetsa makhololo kuti azituluka. Ndiye akamatsokomola musadabwe, muwapatse chitini cholavuliramo. Muziyeza ndi kakapu aka, kulekeza pamzere uwu, m'mawa, masana ndi madzulo. Osapitirira, komanso osaphatikiza ndi mankhwala ena a chifuwa a m'sitolo. Koma chachikulu ndi madzi. Azimwa madzi ambiri tsiku lonse. Akapanda kumwa, makhololowo angokhala gwa, botolo lokha silingathe. Sabata ikatha asanapeze bwino, kapena akatentha thupi, kapena mukaona magazi, mubwere nawo msanga."

Rotite ankangogwedeza mutu. Nesi anamugwira dzanja.

"Ndimadziwa mmene mabotolo amayendera kwanu kuja, khomo ndi khomo. Ili lisayende. Makamaka kwa ana aang'ono, ayi ndithu. Khanda silidziwa kulavula. Likadwala chifuwa libwere kuno tilione."

Rotite anabwereza zonse mmene anamvera, akuloza mzere uja ndi chikhadabo. Za madzi sanafunse kanthu. Tili panjira, a Karotu akupumira pamthunzi wa sitolo, ndi pamene anandinong'oneza.

"Madzi ambiri. Kodi nesiyu amakhala Betio yake iti?"

Mpope wa m'dera lathu unkatulutsa madzi mwa apo ndi apo, ndipo ukatulutsa, zigubu za kumapeto kwa mzere zinkabwerera zopanda kanthu. Rotite anali ndi madzi a mvula otsalira mumgolo. Ankawayeza ngati palafini, makapu a ana, ketulo ya tiyi, ndipo tsopano kapu yaikulu ya a Karotu akamamwa mankhwala komanso pakati pa tsiku. Iye mwini ankamwa a pachitsime owiritsa, atathiramo masamba a tiyi ambiri kuti mchere usamveke. Thanki yokhala ndi madzi m'dera lonse inali imodzi, ya Nei Aroita, imene anamugulira mwana wake wogwira ntchito pa sitima zapamadzi. Aroita ndi wamkulu kwa ife, mayi wapakamwa, koma si woumira. Teue ndi Bwena akapita ndi ketulo ankabwera nayo yodzaza.

Matenda amaitana alendo. Amayi a mpingo anabwera kudzapempherera a Karotu, anaimba, anagwada, ndipo atati ameni anakhala pamkeka kudikira. Mlendo sachoka pakhomo kukhosi kuli kouma, ndipo sungamupatse madzi amchere. Rotite anatsegula mgolo, anaphika tiyi wa anthu onse aja, anatsuka makapu, anawaperekeza kumsewu n'kuwathokoza. Tsiku lina anabwera anzawo a a Karotu. Tsiku lina asuweni. Aliyense pochoka ankati, "Muziwamwetsa madzi kwambiri."

Masiku oyamba mankhwala anaoneka kuti akugwira. Ankatsokomola n'kulavula, ndipo Rotite ankakataya chitini kunyanja ndi nkhope yowala ngati wanyamula nsomba. Kenako zinaima. Chifuwa chinkagunda osatulutsa kanthu.

"Mankhwala akowa akundiwonjezera chifuwa," a Karotu ankadandaula.

Masana ena ndinali pakhomo pa Rotite ndikusankha mpunga, iye atapita kukatsuka chitini. Ndinaona a Karotu akukodola Bwena, n'kumumwetsa madzi a m'kapu yawo. Otsala anakwawa n'kuwabwezera mumgolo mwakachetechete. Kenako anatenga botolo la mankhwala, n'kulitsegula, n'kupapira. Nditatembenuka, Rotite anali ataima kumbuyo kwanga. Anaona zonse.

"Inu abambo inu! Mukutani?"

"Ndikumwa mankhwala. Si umafuna ndizimwa?"

"Kakapu kaja munameza?"

"Awanso ndi madzi, mkazi wanga. Ndikamwa ochulukirapo, a mumgolowo atsalira ana."

"Tamumvani dokotala wa mumtengo wa kokonati! N'chifukwa chake dzulo munasanza, mutu ukuzungulira, ine n'kumanamizira nsomba ya eni ake."

Anawalanda botolo n'kuliunika kudzuwa. Linali litatsika kwambiri.

"Munayamba liti?"

A Karotu anayankha ndi mawu apansi.

"Pakhomo pano chakumwa cha ana ndinkabweretsa ndine. Lero ndizigona pamkeka n'kumawamwera madzi awo? Anthu amva bwanji?"

"Amva kuti Rotite anasunga apongozi ake zaka zonse zija, koma mwamuna wake anamufera ndi ludzu m'manja. Zimenezo ndiye mukufuna?"

Rotite anathamangira kukiliniki tsiku lomwelo kukafunsa ngati mankhwala ochuluka chonchi sawavulaza. Nesi anati awapumitse tsikulo, ayambenso mawa pamzere womwe uja, ndipo akapitiriza kusanza abwere nawo. Kuyambira pamenepo botolo linkakhala m'thumba la siketi yake, pachitsime, pamoto, ngakhale kutchalitchi. Akawapatsa madzi ankaima pompo mpaka aone pansi pa kapu. A Karotu ankamwa akumuyang'ana ngati akumwa zowawa. Mgolo nawo unkatsika.

Botolo loyenda nalo m'thumba silibisika. M'mawa wina Aroita anabwera atanyamula kamdzukulu kake ka miyezi yochepa, kakupuma movutikira, m'chifuwa mukuchita phokoso. Anakhala pamkeka, anafunsa za odwala, anadandaula za dzuwa. Kenako ananena mawu aja.

"Neiko, mayi mnzanga, bubuti. Kasupuni kamodzi ka mankhwala a amuna akowo. Mwanayu sanagone."

Kwathu kuno munthu akati bubuti, nkhani yatha. Akapempha malaya amene wavala, umavula. Ine ndinaperekapo mbaula yanga ya palafini ikadali yatsopano, ndipo Rotite yemweyo ndi bubuti ya amalume ake imene inamuchotsa ku Nonouti. Lero wapereka iwe, mawa upempha iwe, ndi mmene takhalira pakamchenga aka. Wokana amatsala yekha.

Rotite anaika dzanja pathumba.

"Amayi, awa si a makanda. Nesi anachita kundigwira dzanja pondiuza. Mwana sadziwa kulavula, zikhoza kumutseka."

"Ndati kasupuni. Sindinati botolo."

"Ngakhale kadontho, amayi. Bwerani naye ndimubereke ine, tipite kukiliniki pompano. Pamzere ndikaima ndine, inu mukakhala pamthunzi."

"Ana onse ndalera ine aja, lero undiphunzitse iwe? Unakhala nesi liti, iwe wa ku Nonouti?"

"Sindine nesi."

"Ndiye ukundikaniza?"

Rotite anayang'ana pamkeka.

"Pepani."

Aroita anadzuka pang'onopang'ono, mawondo akulira, n'kukonza mwana paphewa. Sanamuyang'anenso Rotite. Anayang'ana ine.

"Tiebane, wamva wekha. Ana ake amamwa thanki yanga."

Mwanayo mayi wake anapita naye kukiliniki tsiku lomwelo, anamuthandiza, ndipo anachira. Zimenezo panalibe wozikamba. Pachitsime ndi pabwalo la tchalitchi nkhani inali yakuti Rotite wakana bubuti, wakaniza khanda. Akafika, amayi ankasiya kucheza n'kuyamba kukonza zingwe za zitini zawo. Wina anamufunsa akuseka ngati botolo lija amagona nalo pakati pa iye ndi amuna ake. Alendo odzazonda matenda anachepa, ndipo chimenecho chokha ndi chimene chinathandiza mgolo. Aroita sanatseke thanki yake, sanathamangitse mwana wa munthu. Ndi Rotite amene analetsa Teue ndi Bwena kupitakonso ndi ketulo.

"Nkhope yokapemphera madzi kumeneko ndiitenga kuti?" anandifunsa.

Sabata inatha. A Karotu anayamba kutentha thupi madzulo, ndipo pofika m'mawa mkeka unkakhala chinyowere ndi thukuta. Nthiti zinayamba kuonekera. Rotite ankachapa nsalu zawo tsiku ndi tsiku m'madzi a pachitsime, amene sopo sachita thovu, mpaka zala zake zinang'ambika. M'botolo munali mutatsala mankhwala, ndipo a Karotu ankati adikire amalize kaye.

"Nesi anati sabata," Rotite anatero. "Sanati botolo likatha. Valani malaya."

Tinawagwira uku ndi uku, kupumira pamthunzi uliwonse. Ulendo uno nesi sanaseke. Anawayeza kulemera, anawamvetseranso pamsana nthawi yaitali.

"Mwachita bwino kubwera. Chifuwa chotere si cha botolo ili lokha ayi. Tiyenera kuyeza makhololo, tione ngati si chifuwa chachikulu. Chikakhala chimenecho mankhwala ake alipo, ndipo anthu amachira. Koma ndiyambe ndaona."

Anawapatsa kabotolo kotsekera n'kuwatumiza kuseri kwa nyumba. Tinawamva akutsokomola mpaka mawu kusanduka ngati a mwana. Anabwera atagwira khoma, n'kupereka kabotolo.

"Awa ndi malovu, bambo. Ndikufuna za pansi."

Anapitanso. Anabweranso chimodzimodzi. Nesi anawatsina khungu la padzanja, ndipo khungulo linaima osabwerera. Anawayang'ana milomo, yong'ambikang'ambika.

"Akumwa madzi ochuluka bwanji, amayi?"

"Amene alipo," Rotite anayankha.

Nesiyo nayenso ndi wa konkuno, ankadziwa. Anatenga botolo lake la madzi m'chikwama, n'kuwathirira onse m'kapu, n'kuwapatsa.

"Azimwa kapu ndi kapu mpaka mkodzo uyere. Mankhwala pamzere womwe uja. M'mawa akangodzuka akoke mpweya kwambiri, atsokomole, alavulire umu, mubwere nako. Ana asamagone nawo pafupi. Akalavula magazi, kapena kupuma kukavuta, musadikire kuti kuche."

Titafika kunyumba mgolo unali utafika padzimbiri. Rotite anaupendeketsa, n'kusefa madziwo ndi nsalu, ndipo ketulo sinadzaze. Ine ndinabweretsa amene ndinasungira pakhomo panga. Mwamuna wanga anandiona ndikutuluka nawo, koma sanandiletse. Onsewo anatha tsiku lomwelo, chifukwa ananso ankafuna kumwa. Teue ndi Bwena anasamukira kwa ine kogona. Rotite anayesa kuwapatsa a Karotu madzi a pachitsime owiritsa kawiri, koma moto suchotsa mchere. Anamwa theka la kapu n'kubweza zonse. Madzi a m'mabotolo m'sitolo analimo, koma ndalama yake inapita ndi manyuchi. Kokonati zaziwisi zikanathandiza, koma mitengo ya uchema sibereka, maluwa ake anali atadulidwa kale, ndipo mitengo ina yonse ku Betio ili ndi eni ake amene nawonso anali ndi ludzu.

Tsiku lotsatira Rotite analawirira kumpope, n'kuika zigubu zake patsogolo penipeni. Anakhala padzuwa mpaka linapendeka, akuthamangira kunyumba kukayeza mankhwala n'kubwereranso. Mpope unangopuma mpweya, kenako unakhala chete. Pobwerera anadzera kwa ine kudzaona ana, n'kuwapesa tsitsi, n'kuwauza kuti agogo awo ali bwino. Milomo yake nayo inali itayera. Ndinamufunsa ngati wadya. Anati wadya, koma mphika wake ndinali nditauona kuti sunapite pamoto.

M'mawa mwake ndinapita kukathandiza. Tinawakhazika a Karotu tsonga, Rotite akuwasisita pamsana. Anakoka mpweya, anatsokomola mpaka misozi, mitsempha ya m'khosi itatupa. Mkati munkamveka kuti zilimo, zikugwedezeka, koma osakwera. M'kabotolo munagwa malovu okhaokha. Anagwera chagada pamkeka, mpweya ukulira ngati wenzulo.

"Ndisiye, mkazi wanga," anatero atapeza mawu. "Watopa."

"Kutopa ndinatopa musanayambe n'kudwala komwe. Khalani chete."

Rotite anakhala pafupi nawo nthawi yaitali, kabotolo kali m'manja. Dzuwa litafika paliwombo anadzuka, n'kutenga ndowa yake yabwino, n'kuikwecha ndi mchenga mkati ndi kunja. Anasamba kumaso, anapesa tsitsi, anavala diresi yake ya kutchalitchi.

"Ukupita kuti?" a Karotu anafunsa.

"Kwa Aroita."

"Usapite. Akakuseka pamaso pa anthu."

"Aseke. Kuseka sikuchedwa kutha."

"Ndakuletsa, Rotite."

"Dzukani mundigwire."

Sanathe ngakhale kudzutsa mutu. Ndinamutsatira panja n'kumugwira mkono.

"Bwera nayo ndowayo, ndipite ine. Ndikanena kuti ndi madzi anga."

"Aroita si mwana, Tiebane. Ndowa yanga amaidziwa. Komanso madzi amene ndikufuna si a lero lokha."

"Ndiye ukangoti bubuti basi. Sangakane."

"Ndi chimene chikundivuta. Ndikanena mawu amenewo andipatsa, alibe kothawira. Koma ine ndinamukana, anthu akuona. Lero ndikamumange ndi chingwe chimene ndinadula ndekha?"

Ndinangoyenda naye. Kwa Aroita si kutali, koma njira yake imadutsa pakati pa nyumba za anthu, ndipo masana aliyense amakhala pamthunzi akuyang'ana odutsa. Ndowa inkagunda mwendo wake, yopanda kanthu, ikumveka dera lonse.

Tinamupeza Aroita pansi pa chisakasa chake akuluka mkeka, pali amayi ena awiri akusewera makadi. Thanki inali pakona pa nyumba. Mpongozi wake anali akuigogoda ndi chala kuchokera pamwamba kutsika, kufuna kumva pamene madzi alekezera, ndipo anatsika mpaka kuwerama isanasinthe kulira kwake. Rotite anaona zimenezo. Anaima pang'ono, kenako anapitirira.

"Taonani," Aroita anauza anzake aja, maso ali pamkeka wake. "Nesi wa ku Nonouti wabwera kudzatiyeza. Bisani ana."

Amayi aja anaseka, wina anabisa nkhope ndi makadi.

"Nanga ndowayo, neiko? Mwabweretsa mankhwala a mudzi wonse?"

Rotite anawerama podutsa pamaso pawo, n'kukakhala pansi kumapeto kwenikweni kwa mkeka, pamene mthunzi unali utathera. Ndowa anaiika patsogolo pake. Manja ake, ong'ambika ndi mchere, anawabisa pansi pa diresi. Anadikira mpaka kuseka kutatha.

"Amayi, mawu aja sindiwanena, kuti mukhale ndi mpata wokana monga ndinakanira ine. Za mwana zija, mutabweranso lero ndingakanenso. Thanki yanu ndaimva, yatsika. Koma amuna anga makhololo akukanika kutuluka, ndipo popanda makhololowo sangawayeze. Ndikupempha madzi, ndowa iyi lero, ina mawa."